Dzanja Pakati pa Sowo ndi Khutu

Ndakulonjerani owerenga, ndipo ayamikike Mulungu amene watisunga mpaka lero.

Tsiku lina masana kamtsikana kena kanalowetsa mutu pakati pa zitsulo za geti ya kwa agogo ake obala bambo ake, kufuna kuona galu wodutsa. Mutu unalowa, kutuluka unakana. Anayesa sopo, anayesa mafuta, anakoka mpaka makutu kutupa. Mayi ake anali kuntchito kutali. Mwana atayamba kubanika ndi kulira, agogo analola monyinyirika kuti aitanidwe munthu yemwe anamuletsa kuponda pakhomopo.

Ameneyu anali wowotcherera zitsulo, amene anakwatira mayi a mwanayo bambo ake atamwalira. Abale a malemu ankangomutchula kuti Mwaye, chifukwa cha kuda kwa zovala zake za kuntchito.

Mwaye anafika, nagwada pafumbi, natulutsa sowo ya pamanja. Bambo aang'ono a mwanayo anakalipa kuti makina a magetsi wawasiyiranji, ati kapena akufuna mwanayo agone pageti. Mwaye anayankha motsitsa kuti makina amathetheka moto, ndipo maso a mwana ali pafupi. Anaika dzanja lake lamanzere pakati pa chitsulo ndi khutu la mwana, nayamba kucheka.

"Amayi anga," anatero kwa kamtsikanako, "musagwedere. Tiyimbe ija timayimba tikamagona."

Anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, sowo ikuyendera pomwepo. Anthu anali atadzaza msewu. Wina anati kamba akanamaliza kale. Wina anati mwana wa mwini sawawa, n'chifukwa chake akuyimba. Onse anaseka.

Kenako agogo anawerama pakhutu pake. "Mwana wanga ali m'manda, iwe ukugona pabedi pake. Wafunanso kuti umalize mbewu yake?"

Sowo inaima.  Mwaye anali nawo mawu oyankha, ndipo anali akuthwa. Koma pachikhatho pake ankamva kugunda kwa mtsempha wa mwana, wofulumira ngati wa kambalame. M'malo moyankha anapempha madzi oti athire pachitsulo chifukwa chinayamba kutentha. Palibe anasuntha, mpaka mayi wina wapamsewu anamupatsa botolo lake.

Chitsulo chili pafupi kuduka, bambo aang'ono aja anamukankha paphewa kuti afulumire. Sowo inaterereka n'kudya zala za dzanja lotchinga lija. Mwaye sanalichotse. Anangokweza nyimbo pang'ono kuti mwana asaone, nabwezera sowo mumzere wake.

Chitsulo chinaduka. Anachipinda ndi bondo, mutu n'kutuluka bwinobwino.

Agogo anamukwatula mwanayo. Ataona magazi pakolala ya diresi anafuula kuti wamucheka, ndipo anthu anayamba kumuzungulira Mwaye. Anamufufuza mwanayo m'khosi, m'makutu, m'tsitsi. Analibe bala ngakhale limodzi. Pamenepo m'pamene maso onse anatsikira pa thumba la buluku la Mwaye, momwe anabisa dzanja lija, lomwe linali litanyowa mofiira.

Palibe amene anapepesa. Bambo aang'ono anangofunsa kuti geti yaonongekayi akonza ndani.

"Ndibwera mawa, mukandilola kuponda," anatero Mwaye, natola sowo yake.

Agogo analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Koma m'katimo kamtsikana kaja kankamveka kakumalizitsa nyimbo ija.

Iye amene anatontholetsa namondwe panyanja akhazike mitima yanu pansi, ndipo alimbitse manja anu pa tsiku la chipongwe.