Chikombole cha Phazi Lopindika

Wosoka nsapato atamwalira, kachipinda kake kogwiriramo ntchito kanatsala m'manja mwa mwana wake wamkazi. Mayiyu kusoka ankakudziwa bwino, koma kusema bambo ake sanamuphunzitse. Malemuwo ankasema okha zikombole za mtengo potsata phazi la kasitomala aliyense, ndipo zinali mbwee pansi pa tebulo, zopanda dzina kapena nambala. Iwo ankangozizindikira ndi manja.

Tsiku lina mayiyu anazipukuta n'kuzisanja pashelefu ziwiriziwiri, chakumanja ndi chakumanzere. Chimodzi chinatsala chopanda chinzake, chopindikira mkati ngati chikwakwa. Anaganiza kuti bambo ake anachiphonya posema, choncho anachipereka kwa wometa wa khomo loyandikana ndi lake, amene chitseko chake chinkangodzitseka ndi mphepo.

Patapita miyezi itatu kunafika mphunzitsi wina wopuma ntchito, akutsimphina, nsapato yakumanzere itayasama kutsogolo.

"Mwanangu, pepa ndi zovuta zija. Ndabwera kudzasoketsa ina. Tatenga phazi langa pansi pa tebulopo."

"Phazi lanu, aphunzitsi?"

"Lamtengo. Bambo ako anandisemera ndili mnyamata, nditachita ngozi ya njinga. Za m'sitolo sizindilowa ine. Popanda limenelo ndiye kuti ndizingokhala m'nyumba."

Anavula nsapato ija. Mayiyu anangoliona kamodzi phazilo n'kudziwa kumene chikombole chake chinali. Anatuluka mothamanga.

Anachipeza pansi pa chitseko cha wometa, chitakutidwa ndi tsitsi ndi fumbi.

"Achimwene, mundibwezere kamtengo kanga kaja."

"Aa, achemwali, kupatsa n'kulandanso? Chitseko changa mundigwirira ndinu?"

"Ndi phazi la munthu limenelo."

"Phazi? Ndiye mwini wake wakhala akuyendera chiyani miyezi yonseyi?"

Aphunzitsi anali atafika kale kumbuyo kwawo, nsapato ili m'manja. Anayang'ana chikombole chija pansi pa chitsekocho.

"Iwe, ndiye kuti ndakhala mlonda wapakhomo pako osadziwa?"

Wometa anawerama msangamsanga, n'kuchipukuta ndi thaulo la makasitomala.

Chitseko chinali chitadya chidendene chonse cha mbali imodzi. Mayiyu atachitsuka anaona zimene sanazione poyamba: tizikopa ting'onoting'ono tokhomeredwa ndi timisomali, tina pamwamba pa tinzake, takale titachita kuda.

"Aka anaika chaka chimene ndinakwatira, nditanenepa," anatero aphunzitsi akuloza ndi chala. "Aka ndi ka nyamakazi. Phazi likasintha, iye ankangowonjezera."

Mayiyu anawakhazika pampando, n'kuika phazi lawo pabondo pake. Anadula chikopa, n'kumata pachidendene chodyekacho, n'kupala ndi mpeni. Ankati akagwira mtengo, agwire phazi, kenako mtengonso. Pa ntchito imeneyi tepi yoyezera sinamuthandize chilichonse.

Nsapato yoyamba inawathina pachidendene, ndipo anaibweza mawa lake.

"Bambo ako akanakuseka," anatero.

Mayiyu anakanganula chikopa chija n'kuyambiranso. Yachiwiri aphunzitsi anaivala, n'kuyenda mpaka pamsewu ndi kubwerera. Anaimanga zingwe bwinobwino, yakale ija n'kuisiya pansi pa mpando, ulendo wa kwawo.