Wogulitsa Matiresi Wosowa Tulo

A Chikwakwa ankagulitsa matiresi, koma eni akewo tulo tinawathawa kalekale. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a m'sitolo poona mmene msana unawapindira chigwereni pamakwerero ndi matiresi awiri kumutu. Zaka zinapita, mapasa awo anayamba sukulu, koma msana uja sunaiwale.

Masana ankanyengerera ogula ndi pakamwa potsekemera. "Apa mukagona, amayi, ngakhale ana atamenyana pamutu panu simungamve." Akutero, maso awo ali psuu ngati tsabola. Madzulo ankadzera pagolosale kugula mapiritsi ofiira opha ululu, n'kumawatafuna ngati mtedza.

Amene anatopa poyamba ndi akazi awo. Tsiku lina anawagwira dzanja ngati mwana wokana kusamba, ulendo wa kuchipatala.

Adokotala anali mtsikana wa magalasi aakulu, msinkhu woti a Chikwakwa n'kumubereka. Atawadina msana uku ndi uku, anafunsa, "Nanga bambo, tulo mumagona bwanji?"

"Bwinobwino, adokotala."

"Bodza!" analowerera akazi awo. "Munthu uyu amatembenuka ngati chimanga chootcha. Akatopa kutembenuka amabuula. Akatopa kubuula amandidzutsa kuti andifunse ngati ndagona."

"Amake mapasa, odwala ndine."

"Odwala ndinu, koma osagona tili awiri."

Adokotala anapempha kuona mapiritsi ofiira aja. Atawerenga kuseri kwa kapaketi anapukusa mutu. "Muli zomwe zija zimapezeka mu khofi umu. Mukamwa pogona, ululu umachepa pang'ono, koma maso amakhala gwa. Ndiye munthu wosagona, m'mawa ululu amaumva kawiri. Awa muwasiye."

Anawalembera timapiritsi tina ting'onoting'ono, kamodzi madzulo alionse. Anawachenjeza kuti timagonetsa ndiponso timaumitsa kukamwa, ndipo msana sitiusintha kukhala wa mnyamata. Anawaonetsanso kawongoledwe ka msana koti azichita m'mawa, atagona pansi n'kukokera mawondo pachifuwa.

Panjira a Chikwakwa anakaika kapiritsiko pachikhatho n'kukayang'ana monyoza. "Aka? Diso la nsikidzi? Msana wa munthu wamkulu ngati ine?" Zogona pansi miyendo m'mwamba ana akuona, izo ndiye anakaniratu. Kenako anakhala pansi n'kuganiza mozama, ndipo nzeru zake zinatuluka motere: msana umavuta kwambiri pantchito, ndiye mankhwala azimwa popita kuntchito. Popeza n'tochepa, azimwa tiwiri. Ofiira aja anawabisa m'sokosi kuti azithandizira madzulo.

M'mawa mwake m'sitolo munalowa mnyamata ndi chibwenzi chake, ofuna matiresi a banja latsopano. Mtsikanayo ankachita manyazi kuyesa matiresi anthu akuona, ndiye a Chikwakwa anavula nsapato n'kukwera okha pabedi la pazenera loyang'ana kumsewu.

"Taonani mmene akulandirira chiuno. Mutu apa, mwendo apa. Ndiye mukatere..."

Mawu anathera pomwepo. Mnyamata uja anadikira, anatsokomola, anawagwedeza chala chakuphazi. Yankho linali mkonono wonga jenereta yakale.

Pamene mwini sitolo ankabwera kuchokera kubanki, anapeza khamu pazenera. Bwanayu anthu ankamutchula kuti a Sitichotsa, chifukwa mawu amenewo ndiwo ankayankha aliyense wonenerera mtengo. Analowa akupukusa makiyi, mawu ochotsera munthu ntchito ali kale kukamwa. Asanawalavule, mayi wina wonenepa anawakoka malaya.

"Matiresi agonera madalawo ndi ati? Ndikufuna omwewo."

"Inenso omwewo," anatero wina kumbuyo. "Phokoso lonseli la magalimoto munthu n'kumwetulira kutulo?"

A Sitichotsa anameza mawu aja. A Chikwakwa atadzidzimuka chakumasana, kukamwa kuli gwa ngati adya choko, anapeza awafunditsa bulangete latsopano, ndipo bwana ataimirira pambali akuletsa anthu kusokosa.

Kuyambira pamenepo ntchito yawo inasintha. Kunyamula katundu anawaletsa. Anawagulira zovala zogonera za mizeremizere ndi kachipewa, ndipo ankati akangofika, bwana mwini ankawapunthira pilo. "Mwamwa kale, achimwene? Gonani, gonani, musadzivute."

Kunyumba ndiye zinafika poipa. Munthu wogona tsiku lonse, n'kuwonjezera ofiira a m'sokosi aja, ankangozungulira m'nyumba kutsegula mapoto. Akazi awo ankadabwa kuti mankhwala a adokotala sakugwira bwanji, mpaka tsiku lomwe anadutsa pamsewu wa sitolo pochokera kogula nsapato za ana. Anaona khamu, anadzipanikiza mpaka kutsogolo, ndipo kuseri kwa galasi anaona amuna awo atakumbatira pilo, dovu likutsika, nkhope ili mbee ngati khanda lokhuta.

Sanakuwe. Analowa, anapereka moni kwa a Sitichotsa mwaulemu wonse, n'kukagwada pafupi ndi bedi. Anawatsina khutu amuna awo mpaka maso anatseguka.

"Abambo a mapasa, kani tulo muli nato? Mumangotibisira ife a kunyumba, n'kumadzagawira anthu a mumsewu?"

Madzulo amenewo a Chikwakwa ataulula zonse, masokosi onse anakutumulidwa, ofiira aja anathera m'chimbudzi. Timapiritsi tating'ono tija anatisunga mayiwo, ndipo ankapereka kamodzi chakudya chikatha, n'kuwauza amuna awo kuti ayasamule aone ngati ameza. M'mawa a Chikwakwa ankagona pansi miyendo m'mwamba, mapasa akuwawerengera mokuwa uku akufa ndi phwete. Masiku oyamba sizinaoneke kusintha. Pang'onopang'ono kubuula kunachepa. Msana sunapole, koma ankadzuka ali munthu, osati chigubu.

Vuto linatsala kuntchito. Tulo ta masana tinatha, koma a Chikwakwa sanafune kubwerera konyamula matiresi, choncho ankangotsinzina n'kumaliza mkonono wabodza. Apa m'pamene anadziwa kuti munthu wogona amanenedwa zambiri. Anamva anzawo akugawana masikono awo a tiyi. Anamva mlamu wawo weniweni akuuza mnzake kuti, "Uyutu ndi amene anakwatira mlongo wanga. Kwathu tinkayesa tapeza mkamwini, osadziwa kuti tatola chipika." A Chikwakwa anangokukuta mano, mkonono osaleka.

Komanso kugona chigonere osatembenuka kunkawaumitsa msana kuposa kusenza katundu.

Tsiku lina kunabwera agogo ena oyenda ndi ndodo, dzanja lina atagwira m'chiuno. Anafunsa ngati matiresi amenewa angathandize munthu wa nyamakazi.

"Angathandize? Amachiza, agogo!" anatero a Sitichotsa. "Mukuwaona awa? Anabwera kuno akukwawa. Zipatala zonse zinawalephera. Lero msana wawo uli nji ngati mtengo wa magetsi. Mankhwala sakuwadziwa n'komwe."

Nthawi yomweyo mnofu wa m'chiuno mwa a Chikwakwa unakokana ngati wina waumanga mfundo. Anayesa kupirira, anayesa kuluma pilo, koma zinakanika.

"Mayo ine! Msana wangawu! Ndigwireni, ndigwireni, anthu inu!"

Anatsika pabedi chokwawa, kachipewa katagwera kumaso, n'kuimirira atapindika kuposa agogo aja. Anthu a pazenera anaseka mpaka ena kukhala pansi. A Sitichotsa anayesa kunena kuti munthuyo akulota, koma palibe anawamva.

Agogo aja anawayang'ana a Chikwakwa kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwanawe, pamenepa pakugwira pansi pa lamba, n'kumatsikira kumwendo?"

"Pomwepo, agogo."

"Nanga tulo?"

"Masiku ano ndiye ndikugonako, koma kunyumba."

Awiriwo anakhala m'mphepete mwa bedi lomwelo n'kuyamba kufotokozerana matenda ngati anthu a pachibale. A Chikwakwa anawalongosolera khomo la adokotala a magalasi aja, n'kuwauza kuti akatenge mapiritsi onse amene amamwa akawaonetse. Agogowo anapita osagula kanthu, ngakhale pilo.

A Sitichotsa sanawachotse ntchito, poopa pakamwa pa amake mapasa. Anawaika patebulo la kuseri kuti aziyankha foni, pampando wolimba umene msana wawo unaukonda kuposa matiresi onse a m'sitolomo. Pabedi la pazenera anaikapo mphwawo wa bwana, mwamuna wa ndevu zake amene anakanika ntchito kulikonse kumene anamutumiza. Ameneyo sanafune piritsi ngakhale limodzi. Ankafika mochedwa, n'kugona mpaka nthawi yotseka, ndipo mwezi usanathe anapempha kuti amukweze pantchito.