Mabedi Anabisala Pansi pa a Vanishi

Foni inalira a Msomali ali pakati popala thabwa, ndipo anaiyankha utuchi uli mbuu m'ndevu. Anali mayi wina, mwini nyumba yogona alendo. Amafuna mabedi khumi ndi awiri, koma anati wafufuza pa webusaiti ya shopu yawo ndipo bedi sanalione ngakhale limodzi. Chimene anaona ndi mkulu wina wa suti atagwira sowo, ndi mbiri ya moyo wake. Anati ayang'ananso masana, akalephera apita kwa akalipentala a kuseri kwa msika.

"Wa sutiyo ndine, mayi," anatero a Msomali, koma foni inali itaduka kale.

Dzina la Msomali analipata chifukwa cha kuonda ndi makani: ukawakhoma pamutu m'pamene amalowerera. Shopuyo ankagwiramo ndi mng'ono wawo a Vanishi, amene dazi lawo linkawala kuposa matebulo awo, komanso akazi a Msomaliwo, osoka makhushoni. Webusaiti anawakonzera ndi mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo woyamba, wogwira ntchito ya makompyuta. Koma kasanjidwe ka masamba analamula ndi a Msomali eni ake. Pamwamba panali iwo. Pansi pawo panali akazi awo ndi mng'ono wawo, ndipo katundu aliyense anali pansi pa amene amamupanga. Choncho wofuna bedi ankayenera kudina a Msomali, kuwerenga mbiri yonse, kudina "Abale Anga", ndiye n'kulota yekha kuti mabedi amakhoma ndi a Vanishi.

Linali Loweruka, ndipo mpongozi anali atabweretsa tiyi m'fulasiki. Nkhaniyo anaimva yonse, koma apongozi sauzidwa m'maso kuti alakwa. Anathira tiyi, n'kupempha msomali umodzi wa mainchesi atatu woti akapachikire chithunzi kunyumba.

A Msomali anatambasula dzanja osacheuka n'komwe. Dirowa yachiwiri, kachitini kachitatu, msomali uwu.

"Mwaupeza msanga bwanji, bambo?"

"Misomali ili m'dirowa ya misomali, mwananga. Yaitali payokha, yaifupi payokha."

"Oo. Ine ndimayesa mumaika m'dirowa ya amene anakagula."

A Vanishi anatsamwa ndi tiyi. A Msomali anayang'ana dirowa, n'kuyang'ana foni, koma anaumirira kuti kulakwa n'kwa mayi uja. Munthu wa maso awiri, anatero, sangasokere pa masamba makumi awiri okha.

Mpongozi anati ndiye ayese munthu wa maso awiri. Anaitana mayi wa saluni wa khomo loyandikana, amene anabwera chipeso chili m'manja, n'kumupatsa foni kuti apeze bedi. Mayiyo anadina, n'kuyamba kuwerenga mokweza kuti a Msomali anayamba ukalipentala ali ndi zaka khumi, ndiponso kuti paunyamata wawo atsikana ankaima pamsewu kuwaonerera akupala.

"Ankaima kudikira basi," anatero akazi awo kuchokera pamakina osokera. "Ine ndinalipo."

Mayi wa saluni anadinadina mpaka anatulukira pa khola la nkhuku. Anabweza foni, nati kasitomala wake ali ndi mankhwala m'mutu, akachedwa tsitsi lipsa, ndipo bedi akalipeza amutumire uthenga.

Apa a Msomali anakhala pansi. Anapukuta ndevu kwa nthawi yaitali kuposa mmene utuchi unkafunira, kenako anauza mpongozi kuti achite zimene anaphunzirazo, koma iwo akhala pomwepo kuyang'anira.

Mpongozi sanayambire pa kompyuta. Anatola tizidutswa ta matabwa, n'kulemba dzina la tsamba limodzi pa kalikonse ndi pensulo ya ukalipentala. Pa benchi anayala matabwa anayi okulirapo: Pabalaza, Kuchipinda, Kukhitchini, Kuofesi. Anati amenewa ndiwo masamba aakulu, oonekera pamwamba munthu akangofika. Ena onse alowe pansi pa limodzi mwa amenewa, monga kachitini m'dirowa. Wogula sadziwa wopanga, koma amadziwa chipinda chimene akufuna kudzaza.

Ntchito inasanduka masewera. Mabedi ndi mawadirobu anapita Kuchipinda popanda wotsutsa. Pa situlu panabuka mkangano. A Vanishi anati ndi ya pabalaza, a Msomali anati ya muofesi, koma akazi a Msomali anaiwombola n'kuiika Kukhitchini, nati awiriwo sangadziwe chifukwa kumeneko safikako. Khola la nkhuku linasowa kolowera, mpaka analitsegulira tsamba lachisanu lotchedwa Panja, n'kulipatsa benchi ya m'munda kuti lisasungulumwe.

Pomaliza panatsala kathabwa kamodzi. A Msomali anakatembenuza, n'kupeza dzina lawo.

"Nanga ine ndilowa chipinda chiti?"

Mpongozi anagwada pang'ono, nati iwo akhala ndi tsamba lawolawo, Za Ife, kumapeto kwa mzere wa pamwamba. Suti ikhalapo, mbiri ikhalapo, ndipo banja lonse likhala pansi pawo monga kale. A Msomali anafunsa chifukwa chake likhale kumapeto osati koyambirira.

"Bambo inu," anatero akazi awo, "anthu akubwera kudzagula bedi, osati kudzakufunsirani. Wokufunani anakupezani kalekale, ndipo mpaka lero akudandaula."

Ngakhale a Msomali anaseka. Mpongozi anatsegula laputopu pa benchi pomwepo, ndipo tsamba lililonse analiuza tsamba lalikulu limene likhale pansi pake. Tiyi asanathe m'fulasiki anali atamaliza. Anaitananso mayi wa saluni. Mayiyo anadina Kuchipinda, anadina Mabedi, n'kukuwa kuti lija la mutu wozokota alisunge, mwamuna wake amva madzulo.

Itangokwana 3 koloko foni inalira. Anali mayi wa nyumba yogona alendo uja. A Msomali anaimirira, n'kukonza kolala ya ovolosi.

"Dinani Kuchipinda, mayi, mabedi muwapeza pansi pake," anatero mwaulemu waukulu. "Ee, khumi ndi awiri, akhala atatha Lachisanu likubwerali. Ife kuno chilichonse timachiika pamalo pake. Ndi mmene ndimawaphunzitsira anawa."

Mpongozi anaweramira laputopu, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. A Vanishi anali atatsegula Za Ife pa foni yawo, ndipo anadandaula kuti mabedi awo akwera pamwamba koma iwo akadali pansi penipeni, pansi ngakhale pa alamu awo.

"Pamenepo kompyuta ilibe mlandu," anatero a Msomali akuwapatsa sowo. "Unachedwa kubadwa wekha. Tiye, mabedi khumi ndi awiri sadzikhoma okha."