Matenda Akula, Bwera

Mwamuna wanga Ellard anamwalira Lolemba masana, mu Okutobala 2008, ine ndili pa ntchito m'wodi ya okalamba. Ndinali kalikiliki kutembenuza amuna a eni ake pamene wanga amagwa pambali pa makina ake ku fakitale ya ku Nechells, kuno kudziko la azungu. Unali mtima. Zaka zonsezi za unamwino, koma ndinafika atamufunditsa kale nsalu.

Ku Nechells kuja Ellard ankasula mavalavu, tizitsulo totsekula ndi kutseka mapaipi. Ambiri mwa mavalavuwo ankapita kumpoto, kumene ankamanga sitima yatsopano yankhondo yoyenda pansi pa nyanja. Sitima imeneyo inalowa m'nyumba mwanga ngati mkazi wachiwiri. Pa chakudya nkhani inali yomweyo, potuluka m'tchalitchi yomweyo. Ati moto wake wa nyukiliya akangouyatsa, zaka makumi awiri ndi zisanu osathira mafuta. Ati imadzipangira yokha mpweya ndi madzi akumwa, ndipo chimene chingaitulutse pamwamba ndi njala ya anthu ali m'katimo basi. Ati imamva sitima inzake ili kutali, iyo osamveka n'komwe. Ine ndinkangoti, "Ngati ndi yanzeru chonchi, nanga yachedweranji zaka zonsezi?" Munthu wa ku Dedza, wosadziwa ngakhale kusambira, ankandiyang'ana ngati ndanyoza mayi ake.

Mwana wathu Brandon, wobadwira konkuno, anamva nkhanizo mpaka zinamulowa m'magazi. Analowa usilikali wa panyanja. Tsiku limene bambo ake anagwa, iye anali pansi pa madzi, m'sitima ina yakale, akuphunzira ntchito kuti adzamusankhe kukwera yatsopanoyo. Kumene anali sitinkakudziwa. Tinali ndi nambala imodzi yokha, ya ofesi yoona za mabanja a asilikali.

Lachiwiri m'mawa nyumba yathu ku Kings Heath inadzaza ndi amayi a mumpingo. Alamu anga a Rapson, akulu ake a malemu, anafika kuchokera ku Hillfields ndipo anandipeza ndagwira foni.

"Alamu, bweretsani kuno," anatero. "Mwana ali pamadzi. Mukamuuza kuti bambo ake atisiya, ma-shock amenewo akamugwetsa pakati pa azungu, adzamugwira ndani?"

Sananame ayi. Kwathu munthu amene ali kutali sitimuponyera maliro kumaso. Timati matenda akula, bwera, ndipo iye amadziwa yekha. Mayi anga atamwalira anandiitana chimodzimodzi, ndipo ndinakwera ndege nditavala kale zakuda.

A Rapson anaimba nambala ija, ndipo mayi amene anayankha ku ofesiko anafunsa kawiri konse. Ndinkamumva bwinobwino. Kodi ali m'chipatala? Kodi madokotala akuti chiyani? A Rapson anayankha ndi ulemu wonse kuti ndi "very, very sick", mnyamatayo abwere msanga. Ine namwino, amene ndimauza achibale a odwala chilungamo sabata ndi sabata, ndinakhala duu pa mpando. Ndinali nditatopa. Zinandikomera kuti munthu wina wandisenzerako katundu, ndipo sindidzadzikhululukira pa chimenecho.

Lachinayi masana mayi uja anaimbanso, mawu ake ali myaa, kuti yankho lafika. Anandiwerengera: "Tell Dad to hang on. Six weeks. I'm nearly qualified."

Ndinamufunsa kuti akutanthauzanji. Anandifotokozera modekha. Dzulo lake sitimayo inadutsa pafupi ndi doko lina. Kaputeni anamuitana Brandon, n'kumuuza za uthengawo, n'kumufunsa ngati akufuna kutsika. Akanakhala maliro, sakanamufunsa n'komwe, akanangomutsitsa. Koma mwana anati bambo ake anagonekedwapo m'chipatala kawiri n'kuchira, mayi ake ndi namwino, ndipo bambo akewo sangakondwe atamva kuti wasiya maphunziro atatsala pang'ono kumaliza.

Ndinakuwa m'Chingerezi, amayi onse m'nyumba akumva, kuti munthuyo wafa, wafa Lolemba, ali ku mochale. Mayi uja anapepesa. Kenako anandifotokozera. Sitimayo inali italowanso kale pansi pa madzi usiku wapitawo, ndipo pa ulendo umenewu sidzatulutsa mlongoti wake wa mauthenga mpaka ntchito itatha. Uthenga wanga ukadikira pa mzere.

Choncho zonse zimene Ellard ankatamanda ndinazilawa ndekha. Mpweya anali nawo, madzi anali nawo, chakudya chinalipo chokwana. Panalibe chifukwa chilichonse chotulukira.

Tinadikira masabata atatu. Anthu anatopa kubwera, poti maliro a kuno amalimbana ndi mashifiti. Azilamu a ku Dedza ankaimba tsiku ndi tsiku kufunsa kuti mtembo tikuusungiranji ngati nyama. A Rapson anaonda. Pamapeto ndinavomera ndine, ndipo tinamuika Loweruka lamvula, m'manda a konkuno. Dothi loyenera mwana ndinaponya ine, dzanja lamanja dothi langa, lamanzere dothi lake.

Brandon anafika mu Disembala, masana. Kaputeni anali atamuuza kutatsala tsiku limodzi kuti afike pa doko. Anaima pakhomo wotuwa, akununkha mafuta a makina monga ankanunkhira bambo ake, pachifuwa pali kabaji katsopano kosonyeza kuti wakhoza. Sanalire. Anakhala pa mpando wa bambo ake osavula jekete.

"When I wrote that message, Mum. Was he already gone?"

"Anali atagona masiku awiri, mwana wanga."

"So why did Uncle say sick?"

Ndinayamba kufotokoza za mwambo wathu, kuti timachita zimenezi pomumvera chisoni wa paulendo. Mawuwo ankamveka opepuka m'kamwa mwanga momwe. Tinamuphunzitsa kugwada popatsa moni akulu, tinamuphunzitsa kulandira ndi manja awiri, koma ichi palibe anamuuzapo. Tinkangoganiza kuti mwana amabadwa nacho.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati amusankha. Akukalowa m'sitima yatsopano ija ikangoyamba kuyenda, ndipo imeneyo imatha kukhala pansi miyezi itatu.

"And if it's you next time? How will I know which sick they mean?"

Ndinadzuka. Ndinatenga foni n'kuimbira ku Hillfields, mwana ali pomwepo akumva.

"Alamu," ndinatero, "tsiku langa likadzafika, mudzaimbe nambala ija. Musadzati Esnath akudwala. Mudzati Esnath wafa. Tanenani panopa ndimve."

Ndinadikira, foni ili pakhutu, mpaka mkulu uja ananena mawuwo. Apo m'pamene Brandon anayamba kulira.