Makina a Apongozi m'Kalavani ya Steve

Chimene chinayamba kumudabwitsa Norman chinali chakuti apongozi ake sankadetsa zovala. ANachisale anafika ku Longbridge, m'dziko la azungu, masamba atangoyamba kuyoyoka m'mitengo, kudzadikira mdzukulu wawo woyamba. M'mawa uliwonse ankatuluka m'chipinda atavala chitenje china, bulauzi ina, zoyera bwino, koma m'basiketi ya zochapa simunagwepo ngakhale duku lawo. Norman ankadziwa zimenezi poti ndiye ankayendetsa makina ochapira a kukhitchini, mkazi wake Mildred atatopa ndi pakati.

Norman anali namwino, ndipo ntchitoyo imaphunzitsa munthu kufunsa chifukwa cha kanthu kalikonse. Posakhalitsa anayamba kumva fungo la chinyontho akamadutsa pakhomo la chipinda cha alendo. Kenako mayiwo anayamba kutsokomola.

Tsiku lina Norman anafunsa Mildred ali awiri m'galimoto, akuchokera ku sikelo.

"Kodi amayi zovala amachapira kuti?"

Mildred anamuyang'ana ngati wafunsa kumene dzuwa limatulukira.

"Mwangozindikira lero? Amachapa pamanja m'bafa inu mukapita ku shift. Kuyanika amayanika mu wardrobe, n'kutseka chitseko."

"Mu wardrobe! Pamene machine ilipo?"

"Aaa, Norman, inu munakulira kuti? Zovala za amayi zilowe mmene mwangotuluka ma boxer anu? Kenako mudzatsegule ndinu, muzizitulutsa chimodzichimodzi? Angafe ndi manyazi."

"Nanga pachingwe panja?"

"Chingwe chimene chayang'anizana ndi windo limene mumamwerapo tiyi? Ndipo dzuwa lake liti?"

Mwambo wa mkamwini ndi apongozi Norman ankaudziwa. Sankadya nawo patebulo limodzi, akakumana pamasitepe mmodzi ankabwerera, ndipo mawu ambiri ankadutsira mwa Mildred. Koma sanaganizepo kuti mwambowo umalowa mpaka m'makina.

Mildred anapumira m'mwamba. "Dzulo andiuza kuti tisinthe ticket. Akufuna azipita Khirisimasi isanafike. Akuti atopa kukhala mobisala ngati mbava m'nyumba ya mwana wawo."

Khandalo linkayembekezeka chaka chikatembenuka. Norman anaona m'maso mwa Mildred muli misozi. Mtsikana aliyense amafuna mayi ake pafupi pa uchembere woyamba, ndipo kuno kunalibe azakhali kapena anamkungwi oti n'kulowa m'malo.

Nzeru inabwera m'mawa wotsatira, Norman akuwerenga Mawu a Mulungu monga ankachitira asanapite kuntchito. Inali nkhani ya mayi uja amene anaona kuti munthu wa Mulungu amadutsa kawirikawiri pakhomo pake, n'kumumangira kachipinda kakekake, n'kuikamo bedi, tebulo, mpando ndi nyale. Norman anakweza maso. Kuseri kwa mpanda, pabwalo la neba wake Steve, panali kalavani yakale, nyumba yokoka ndi galimoto, imene inali itamera ndere padenga.

Steve anali mzungu wachikulire amene anagwira ntchito kufakitale ya magalimoto mpaka pamene inatsekedwa. Kalavaniyo ankayenda nayo kutchuthi ndi mkazi wake Helen, ndipo chimwalirireni mayiyo sinasunthepo. Norman atamufotokozera m'Chingerezi chimene ankafuna, Steve anakanda chibwano.

"Kuitenga itengeni, Helen akanakondwa kuti ikugwira ntchito. Koma ndithandizeni kumvetsa. Inu ndi apongozi anu mumadana?"

"Ayi, timalemekezana kwambiri."

"Ulemu wake wothawana? Anga ankandichapira masokosi, akamasita malaya anga n'kumandiuza kuti mwana wawo anakwatiwa ndi chitsiru."

"Kwathu zimenezo sizingachitike."

"Zochapazo kapena zachitsiruzo?"

"Zonse."

Steve anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati, "Mwina ndinu anzeru kuposa ife. Tiyeni tikayeze chitseko."

Loweruka awiriwo anaikankha kalavaniyo n'kuiimika pabwalo la Norman, pambali pa malo oimikapo galimoto. Makina awiri anakawapeza m'shopu ya zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito ku Sparkhill, ochapira ndi oumitsira, aang'ono bwino oti ena akhale pamwamba pa anzake. Atafika nawo anapeza kuti chitseko cha kalavani n'chopapatiza. Anayesa chammbali, anayesa mopendeketsa, makina anakana. Norman anakumbukira za ngamila ndi diso la singano, koma Steve sanafune za ulaliki. Anamasula windo lalikulu lakutsogolo, anatsamiritsa matabwa awiri, ndipo anakankhira makinawo mmwamba ngati akukweza mbuzi pa lole.

Pamene ankapukuta thukuta, Norman anaona katani ya chipinda cham'mwamba ikugwedezeka. Apongozi ankasuzumira.

Steve anati makina olemera chotero ayenera kukhala pamwamba penipeni pa matayala, apo ayi kalavani idzagwada. Pamalo amenewo panali kabati ya zovala, moyang'anizana ndi chitseko. Anaigwetsa, pansi anayalapo thabwa lochindikala. Anaimika makina ochapira, pamwamba pake anamangapo chitsulo chogwirizira, n'kukwezapo oumitsira, kenako onse awiri anawamangirira kukhoma ndi lamba. Norman ankafunsa chilichonse. Bwanji paipi yotulutsa madzi iyambe yakwera isanatsike? Bwanji ya madzi olowa aikulunge ndi siponji? Steve ankayankha mokondwa ngati munthu amene wakhala nthawi yaitali wopanda womufunsa kanthu: kuti madzi akuda asabwerere, kuti chisanu chisaumitse madzi n'kuphulitsa paipi. Anaboola khoma kuti mpweya wotentha uzitulukira panja. Anakoka nthambo ya magetsi kuchokera m'nyumba, n'kumuchenjeza kuti makina awiriwo asamayatsidwe nthawi imodzi.

Poyesa anaponyamo sanza zofiira zopukutira galimoto. Poyamba zonse zinali bwino, madzi akulowa, sanza zikugudubuzika. Koma makina atafika pofinya, kalavani yonse inayamba kunjenjemera, kenako kudumpha, makapu a Helen akulira m'kabati. Inkavina ngati amayi a chigwirizano pa tsiku la zokolola.

"Miyendo!" anakuwa Steve. "Taiwala kutsitsa miyendo!"

Anazimitsa, anatsitsa miyendo ya m'makona, n'kuika njerwa pansi pake. Atayatsanso, kalavani inakhala phee. Kumwamba kuja kunamveka kuseka kwa munthu amene wagwira pakamwa.

Madzulo ake Mildred anatsika ndi mayi ake atafunda jekete lalikulu. Norman anakaima patali, pafupi ndi geti, manja kumbuyo. ANachisale anakwera sitepe mosamala, analowa, ndipo sanakhalitsemo. Atatuluka analankhula kwa mwana wawo, koma mokweza kuti mawu akafike kugeti.

"Uwauze apongozi kuti Mulungu awadalitse, avutika. Koma chinthuchi chili ndi maso awiri."

"Maso ati, amayi?"

"Taima apo pamene amatsikira m'galimoto, uone."

Amayiwo atalowa m'nyumba, Norman anakaima pamalopo. Chitseko cha kalavani chinali ndi galasi lalitali. Kudzera m'galasimo, zitseko ziwiri zozungulira za makina zinkamuyang'ana, china pamwamba china pansi, zonse zagalasi, ndipo sanza zofiira zija zinkaoneka bwinobwino. Anazindikira kuti wachotsa zovala za apongozi m'kabati yotseka n'kuzikonzera malo oonetsera ngati a m'sitolo, pa njira yomwe iye ankadutsa tsiku ndi tsiku. Kutembenuza makina sikukanatheka, khoma linali litabooledwa kale, mapaipi atadulidwa mwa muyeso. Anaganiza zopaka penti pagalasi, koma anazindikira kuti chitseko chikangotsegulidwa maso aja adzakhala pomwepo. Anapita kukagona atakhumudwa, ndipo podutsa anaona sutikesi ya apongozi itatsitsidwa kuchokera pamwamba pa kabati.

Lolemba masana, akuchokera kuntchito, anamva nyimbo ya m'buku ikung'ung'udzidwa m'kalavani. Anatsika m'galimoto nkhope atalozetsa kumpanda, n'kutsokomola kuti adziwike. Nyimbo inaleka.

"Apongozi."

Norman anadzidzimuka. Mildred anali m'nyumba, ndipo mawuwo ankalankhula kwa iye mwini.

"Wawa, amayi."

"Ndachita zachibwana. Ndimafuna ndingoona ngati zovala zanga zingakwane m'mimba mwa chinthuchi. Ndatseka, ndadina penapake, ndiye chaluma chitseko. Chikukana kundibwezera."

"Musadandaule, chimatero. Chimasula chokha."

"Ndabwera ndi chitenje choti nditchinge, koma msinkhu wandichepera. Muli ndi timisomali tiwiri ndi kachingwe?"

"Ndili nato, amayi."

Onse awiri ankaona vuto lomwelo: woti akhome misomali anayenera kulowa, ndipo zovala zinali padiso.

Apa n'kuti Steve atatsamira mpanda, akuonerera. Norman anakumbukira ana awiri aja a m'Malemba amene anaika chofunda pamapewa awo n'kuyenda chafutambuyo kukafunditsa bambo awo, nkhope atayang'ana kwina. Anapempha apongozi kuti asiye chitenje pasitepe. Mayiwo anatuluka n'kukaima kuseri kwa kalavani. Ndipo Norman anakodola Steve.

"Gwirani nsonga iyi paphewa. Tilowa chobwerera m'mbuyo. Musacheuke."

"Inenso? Si apongozi anga."

"Ndinu mwamuna, ndipo mwaima pabwalo panga."

Steve anavula chipewa, ngati akulowa m'tchalitchi. Chitseko sichikanalola anthu awiri nthawi imodzi, choncho Steve anatsogola, akufufuza sitepe ndi chidendene, Norman akumutsatira, chitenje chili pakati pawo. Steve anagunda mutu pamphuthu n'kunena mawu ena amene Norman anathokoza kuti apongozi samva Chingerezi. M'katimo anapanikizana mapewa, anakweza manja chakumbuyo, n'kupapasa mpaka anapanira m'mphepete mwa chitenje pamwamba pa makina oumitsira. Chinalendewera bwino mpaka pansi.

"Tingacheuke?" ananong'ona Steve.

"Tsopano tingathe."

Anakhoma tizitsulo tokolowekapo mbali zonse ziwiri, anamanga chingwe, n'kupanira chitenje ndi mapegi kuti chizikokedwa ngati katani, wina akuchigwira kuti chisagwe pamene mnzake akumanga. Potuluka Steve anali akupukusa mutu, koma akumwetulira. Anati pa zaka zonse zimene anamanga magalimoto sanamangepo kanthu atafulatira.

ANachisale analowanso. Norman anakaima panja pansi pa kawindo kakang'ono, msana atatsamira khoma la kalavani, maso ali kumsewu.

"Kumanzere kuli kadirowa, amayi. Kokani, thiranimo sopo m'chigawo chachikulucho."

"Wochuluka bwanji? Dzanja limodzi?"

"Theka la kakapu kali pomwepo."

"Kameneka? Zingayere ndi kameneka?"

"Ziyera. Tsopano potokolani chozunguliracho mpaka pa chithunzi cha thonje, kenako dinani batani lalikulu."

Madzi anayamba kulowa. Kwa kanthawi sikunamveke mawu, ndipo Norman anadziwa kuti mayiwo alowetsa mutu kuseri kwa chitenje, akuonerera. Kenako mafunso anayamba. Kodi chimadziwa bwanji kuti madzi akwana? Chikutembenukiranji uku ndi uku, chaiwala njira? Nanga chapamwambachi, dzuwa lake chimalitenga kuti? Norman ankayankha zimene ankadziwa, zina n'kufunsa Steve kuseri kwa mpanda n'kumasulira. Mvula yowaza inayamba, koma iye sanasunthe. Chifikireni apongozi ake m'dziko lino, anali asanalankhulane mawu ochuluka chotero.

Mildred anatuluka ndi ambulera, dzanja lina lili m'chiuno. Anayang'ana mwamuna wake akunyowa pansi pa windo, anayang'ana chitenje cha mayi ake chikulendewera m'kalavani.

"Mildred," anaitana aNachisale. "Uwafunse apongozi, kodi makinawa matewera amatha?"

"Amayi, kuno ana amavala otaya. Palibe amene amachapa matewera."

"Mdzukulu wanga avale mapepala ine ndilipo? Ndabwera nawo ansalu, ali pansi pa sutikesi. Ndidzachapa ndekha muno, ndipo wina asadzandilowerere."

Mildred anagwira pakamwa. Norman anatseka maso n'kuyamika chamumtima Iye amene amasamala ngakhale mpheta.

"Uwauzenso," anapitiriza mayiwo, "kuti akapeza nthawi andikhomere kashelefu koikapo sopo. Ndi kampando. Chapamwambachi sindikuchifikira."

"Ndamva, amayi," anayankha Norman, maso akadali kumsewu. "Ndikhoma mawa."