Wouma Mutu Ngati Chidendene

"Wina akuti alembe za kusala kudya," anatero mlongo wake wa Makaniko, maso ali pa kompyuta ya malemu bambo awo. "Winanso akuti za apongozi ovuta. Ha! Pamenepo akanathira mchere."

Makaniko sanaseke. Ankapinda mipando yobwereka, msana uli wawawa. Maliro anali atatha, anthu atabalalika, m'nyumba mutatsala makapu osatsuka ndi kutopa. Bambo awo ankalemba nkhani zachikhristu pa tsamba lawo la pa intaneti, ndipo nkhani yomaliza kulemba asanagwe m'bafa inali funso: "Owerenga anga, ndilembe za chiyani?" Owerengawo, posadziwa kanthu, ankangoyankhabe.

"Tangolemba kuti anamwalira, utseke," anatero Makaniko. "Tatopa, iwe."

"Ndiyambe ndawerenga onse, achimwene. Anthuwa anavutika kulemba."

Pakati pa mayankhowo panali la Makaniko. Iye ndi bambo ake sankalankhulana chichokereni pakhomo, tsiku limene anakana sukulu ya ubusa n'kumenyetsa chitseko. Zaka zinapita aliyense ataumitsa khosi. Ataona funso lija anayankha mobisa dzina, atakhala pa tayala kugalaja, zala zili girisi yekhayekha. Yankho silinabwere, kunabwera uthenga wa maliro. Kodi anawerenga? Kodi anamuzindikira? Zimenezo zinkamudya kuposa malirowo.

"Tamverani uyu," anapitiriza mlongo wake. "'Lembani ngati bambo angakhululukire mwana wouma mutu ngati chidendene.'"

Mtsikanayo anayamba kuseka, koma analekeza panjira. Mawuwo sanali vesi, sanalinso mwambi. Padziko lonse munthu mmodzi yekha ankakalipa choncho, ndipo ankakalipira mwana mmodzi yekha.

"Achimwene, ndinu?"

"Ndati tseka!"

Mtsikanayo anatsitsa tsamba pang'onopang'ono. "Onse a tsiku limenelo anawayankha. 'Ndamva, mwanangu. Ndamva, mwanangu.' Panu pokha palibe."

Makaniko anafunyulula mpando womwe anali atangoupinda n'kukhalapo. Ndiye kuti basi, mkuluyo anapita ndi mkwiyo wake. Anamva chisoni chosakanikirana ndi manyazi, moti analakalaka akanangokhala chete mpaka kalekale.

"Akanakuyankha bwanji pagulu? Iwe ndiwe wowerenga?"

Anali amayi awo, ataima pakhomo la kukhitchini ndi mbale m'manja, mawu atasasa ndi kulira.

"Anawerenga ndili pompo. Anavula magalasi n'kuti, 'Chidendene chalemba.' Ine ndinati, muimbireni foni mwanayo. Iwo akuti ayi, bambo sayamba kuimbira mwana. Paja mutuwo unautengera kwa yani?"

"Basi anangosiya choncho?"

"Kusiya kuti! Anatuluka panja, n'kutsegula boneti ya galimoto yawo yabwinobwino, n'kuzula waya. Akubwera akupukuta m'manja, akuti, 'Mawa umuuze kuti galimoto yafa, abwere adzaione.' Mawa lakelo ndi limene anagwa."

Makaniko ananyamuka, n'kudutsa pakati pa mipando, n'kutuluka. Galimotoyo inali kuseri kwa nyumba, kumene olira anaikankhira italephera kulira, akuitukwana kuti ndi chiphakasa.

Anatsegula boneti. Waya anali lende pafupi ndi batire. Mkuluyo sanafune kumuvutitsa mwana wake kufufuza: anazula wa pamwamba penipeni, woti ngakhale wophunzira ntchito angamuone, ndipo kunsonga kwake anamangako kansalu kofiira.