Mtumbira wa Amayi

Amene anamulakwira telala ndi mkulu wake, wobadwa naye bere limodzi, m'mwezi wa Ramadani zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Mayi awo anamwalira telala ali pa ulendo wokagula nsalu za Idi. Anaikidwa tsiku lomwelo, monga mwa chipembedzo, ndipo pamenepo panalibe mlandu. Mlandu unali wakuti telala atabwerako, mkuluyo anakana kumuonetsa mtumbira. "Unasankha nsalu, kalire pa nsaluzo." Kumanda kwawo salemba maina. Mwa amene ananyamula nawo maliro, wina anati waiwala, wina anati za pabanja salowerera. Anthu ndi otero.

Chaka chino, kutatsala masiku atatu kuti kusala kuthe, shopu itadzaza mikanjo yosamaliza, kunabwera mlamu wake.

"Alamu, akulu anu akufuna mkanjo woyera. Akuti mukawasokera, pa Idi akakuonetsani pamene pagona amayi."

"Akufuna chiyani kwenikweni? Munthu uja sapereka moni waulere."

"Sali bwino, alamu. Masiku ano akumacheza ndi khoma."

Telala anakankhira pambali ntchito za eni, napita kukamuyeza. Pachifuwa panali ngati akuyeza mtengo wouma. Mkuluyo ankangomwetulira kuseri kwa phewa la telala ngati kwaima munthu.

Mwezi unaoneka, kusala kunatha. M'mawa mwake telala anasamba, anadzola mafuta onunkhira, anadya zipatso za tende, napereka mpunga wa osauka asanapite ku swala, mapemphero a Idi. Pabwalo panali mbee ndi zovala zatsopano. Swala itatha, anthu ali pa kukumbatirana, telala ndi mkulu wake analowera kumanda.

Kunali zii. Mitumbira yonse yofanana, udzu womwewo. Mkuluyo anali patsogolo, mkanjo ukumukhuthukira ngati sanda yokulungira maliro. Ankapereka salamu pa mtumbira uliwonse, n'kuima kaye, n'kugwedeza mutu ngati wayankhidwa.

"Apa," anatero.

Telala anagwada, natambasula manja. Mapemphero amene anawasunga zaka zonsezo anatuluka pamodzi ndi misozi. Asanamalize anamva mkulu wake akukuwa chapatali.

"Iwe, ukulirira munthu wa eni ake! Amayi akuti ali kuno."

Anadzuka, maondo ali dothi lokhalokha, nakagwadanso kumeneko. Apo napo sanakhalitse.

"Ayi, awa ndi abambo ena ake a ndevu. Akudandaula kuti wawaponda mwendo."

"Achimwene, mukundiseweretsa?"

"Ine? Ndi amayi akusunthasuntha. Akangomva mapazi ako, akuchoka."

Telala anamuyang'anitsitsa, kuti aone ngati ndi misala kapena nkhanza zakale zija. Maso a mkuluyo anali odekha ngati a khanda. Mphepo kunalibe, koma udzu wa pa mtumbira wa kumanzere unagwedera, kenako wa patsogolo pake, kenako wina, kumka chakumpanda.

"Si awo akupita," ananong'ona mkuluyo. Atatero anatambasula dzanja. "Idi mubaraka, mng'ono wanga. Lero ndi tsiku lokhululukirana. Mkanjowu wautalikitsa, koma ndakukhululukira."

Anabwerera njira ina, monga amachitira pa Idi, mkulu patsogolo akukoka mkanjo m'fumbi. Kunyumba adzukulu ankathamangitsana pakhonde, mbale zikulira kukhitchini. Telala anakhala pansi, chakudya n'kuzizira pamaso pake. Mkulu wake sanamuonetsebe pamene pagona mayi awo.